Mtengo ndi Mtengo Wake: Munda wa Njuchi pa Chintheche

Munthu wa pa Chintheche, amene nsima yake ndi kondowole ndipo ndiwo zake zimachokera m'nyanja, akhoza kufunsa mopanda chipongwe kuti njuchi ili ndi gawo lanji m'mbale yake. Pakuti chinangwa amachibzala ndi mitengo yake yodula osadikira duwa kapena njere, mpunga wa m'madambo umadzibereketsa wokha, chimanga chimalandira mungu wake kwa mphepo, ndipo usipa ndi batala sizinapemphepo kanthu kwa gulugufe chilengedwere dziko. Inenso ndinali ndi maganizo omwewo, kufikira chaka chimene maungu anga anandichititsa manyazi.

Ndinali nditabzala kuseri kwa nyumba, chakumtunda kwa msewu wa M5, ndipo nkhwani unayanga bwino kotero kuti odutsa ankaima ndi kuyamikira. Tsono nditaona tizilombo tikuboola masamba ndinagula mankhwala a m'kabotolo kopanda dzina kwa munthu wina pamsika, ndipo ndinkapopera m'mamawa ndisanapite kuntchito, nthawi imene maluwa ali chiyasamire. Tizilombo tinathadi. Koma timaungu tinkangofika ngati dzira la nkhuku, n'kuchita chikasu, n'kugwa. Ndipo ine, posadziwa mlandu wanga, ndinkadandaula za nthaka ya mchenga. Mayi wina wachikulire woyandikana nane, amene anandipeza tsiku lina ndili ndi mpope kumsana, anathyola maluwa awiri nandionetsa: lina linali pa kamtengo kowonda, ndipo m'kati mwake munali ufa wachikasu womata chala; lina linali ndi kadzungu kale kunsi kwake.

"Ada," anatero, "ili ndi lachimuna, ili ndi lachikazi, ndipo miyendo alibe. Inu mwapha ankhoswe, tsono ukwati auyendetsa ndani?"

"Yewo, ama," ndinayankha, pakuti panalibe mawu ena oti ndinene.

Duwa la dzungu limatseguka mbandakucha, ndipo dzuwa likafika pamutu lafota kale osadzatsegukanso. M'maora ochepawo njuchi iyenera kulowa m'duwa lachimuna, kudzola mungu thupi lonse, ndi kukaupukutira m'duwa lachikazi, osati kamodzi kokha ayi, ngati dzungu liti likhwime bwino. Chimene chili choona kwa dzungu chilinso choona, pamlingo wosiyanasiyana, kwa mango, mapeyala, magwafa, mapapaya, nkhaka, mphonda, ngakhalenso makademiya a m'minda ikuluikulu ya boma lino. Akatswiri a bungwe la IPBES, m'lipoti lawo la mu 2016, anati mwa mitundu inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu zodyedwa padziko lapansi, itatu imapindula ndi tizilombo, mbalame kapena nyama zonyamula mungu. Ndipo bungwe la United Nations linapatula tsiku la 20 Meyi kuti likhale lokumbukira njuchi. Nsima tingaipeze popanda njuchi, koma zambiri zimene zimachititsa nsimayo kutsika pakhosi, ndi zipatso zimene ana amatola popita kusukulu, zili m'manja mwa ankhoswe aja.

Tikati njuchi, ambiri amaganiza za ya mumng'oma yokha, ya uchi ndi mbola, chikhalirecho mitundu ya njuchi padziko ikukwana ngati 20,000, ndipo yochuluka siipanga uchi, ilibe mfumu kapena khamu, koma iliyonse imadzikumbira kauna kake m'nthaka youma kapena m'phesi. Bemberezi, amene timamuda chifukwa choboola phaso la nyumba, ndiye ali ndi mphamvu yotsegula maluwa olimba a khobwe ndi nyemba zina. Ndipo makolo, amene anati bemberezi adziwa nyumba yake, anali atamupenyetsetsa kuposa ife. Ntchentche zimene zimadzaza pa mango akachita maluwa m'nyengo yachisanu zikugwira ntchito, sizikungosokosa. Mvunguti umatsegula maluwa ake ofiira moderako madzulo, ndi fungo losakondweretsa munthu, chifukwa alendo ake ndi mileme, ndipo kukacha maluwawo mumawapeza ali mbwee pansi. Muwale, umene umayaka ngati makala pamene ulibe tsamba ndi limodzi lomwe, umaitana choso, kambalame ka mlomo wautali wopindika.

Koma chodabwitsa koposa chili mumkuyu. Tonse tinakula tikumva kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwambiwo ndi wabwino pochenjeza mnyamata wotengeka ndi nkhope. Koma tizilombo timene mumatipeza mukang'amba nkhuyu, tambiri mwa ito si nyerere konse, ndi timavu tating'onoting'ono, ndipo popanda ito mkuyu sukanakhala ndi mbewu. Mkuyu unabisa maluwa ake m'kati mwa chipatso. Kamavu kakakazi kamalowa pa kabowo ka kunsonga, movutika kotero kuti mapiko ake amathothoka, katanyamula mungu wa nkhuyu imene kanabadwiramo. Kamaikira mazira, n'kufera momwemo, ndipo ana ake aakazi akakula amatuluka atasenza mungu kunka ku mkuyu wina. Mtundu uliwonse wa mkuyu uli ndi timavu take. Chimene tinachiyesa chilema cha nkhuyu ndicho chibaliro chake.

Apa ndi pamene pali chifukwa chobzalira zomera zakwathu. Mtengo ndi kachilombo zimene zakhalira limodzi mibadwomibadwo zimadziwana nyengo, fungo ndi msinkhu wa duwa, monga anthu a mudzi umodzi adziwana mayendedwe ngakhale mumdima. Sindikunena kuti mlendo aliyense ndi woipa, popeza mango anachokera ku India, chinangwa ku South America, ndipo lero palibe angatiuze kuti si zathu. Koma alipo alendo ena amene mukawapatsa mphasa amalanda nyumba. Lantana, wa timaluwa tokongola tija, ndi deliya wachikasu wa m'mbali mwa misewu, onsewo kwawo ndi ku America, ndipo pamene akhazikika samerapo chewe kapena mpungabwi. Paini wa ku Chikangawa, amene anabzalidwa poyembekezera fakitale ya mapepala imene inayenera kumangidwa pa Chintheche pompano koma siinamangidwe, mungu wake umayenda ndi mphepo, ndipo njuchi ingauluke tsiku lonse m'nkhalango yoteroyo osapeza dontho la timadzi totsekemera. Maluwa ambiri a m'miphika amene timagula m'tauni anasankhidwa kuti akondweretse diso la munthu, ena mpaka anataya mungu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo: futsa alibe ulemerero wa rozi, koma imani pafupi naye akachita maluwa, mudzamva ngati mng'oma.

Tsono wofuna munda wotere asayambe ndi khasu kapena chikwama. Ayambe ndi miyendo. Ayende malo ake onse, aone chimene chilipo kale, pakuti mtengo wotsika mtengo kuposa yonse ndi umene simunaudule. Ndipo zitsa za msuku, muula, mombo ndi chitimbe zimene timazitema chaka ndi chaka m'minda ya chinangwa zili ndi mizu ya zaka zambiri, kotero kuti mukasiya mphukira imodzi kapena ziwiri zamphamvu ndi kusadza zinazo, zimakula msanga kuposa mbande iliyonse ya kunazale. Aone pamene madzi amaima mu Malichi ndi Epulo, miyezi imene mvula ya kuno imagwa ngati yatumidwa. Aone kumene mwera umawomba, chifukwa gulugufe sakhala pamphepo. Ndipo ngati ali pafupi ndi gombe akumbukire chaka cha 2024, pamene nyanja inakwera nilowa m'malo amene anthu ankayesa kuti ndi mtunda mpaka muyaya. Ngati malowo ndi a banja kapena a mudzi, akagwade kaye kwa eni mbumba ndi kwa amfumu, popeza kubzala mtengo kwathu kuno kumamveka ngati kunena kuti malo ano ndi anga, ndipo milandu yambiri yayambira pa mbande imodzi.

Atatero atenge pepala, alembe miyezi 12, ndipo pa mwezi uliwonse alembe chimene chimachita maluwa pafupi ndi nyumba yake. Mwezi umene watsala wopanda dzina ndiwo mwezi wa njala ya njuchi, ndipo munda wonse ukonzedwe kuti utseke mpata umenewo. Anthu ambiri amalakwa pobzala zinthu khumi zochita maluwa nthawi imodzi, ngati munthu wophera alendo mbuzi pa Khirisimasi n'kuwagoneka ndi njala mu Febuluwale.

M'nyengo ya dzinja ntchito ndi yopepuka, pakuti luni, chewe, denje, limanda, khobwe ndi mphonda zimamera mosavuta, zina zokha. Chofunika n'chakuti mayi wothyola ndiwo asiye mizere ina kuti ifike pochita maluwa ndi njere, ndiponso kuti chiluwe cha maungu achithyole dzuwa litakwera, njuchi zitatha ntchito yake. Chitimbe ndi msuku zimachitanso maluwa m'dzinja. Mvula ikamatha, mpungabwi ndi chanzi zimapitiriza, ndipo futsa amalandira udindo m'miyezi yozizira, limodzi ndi msangu pamene nthaka ikuulola, mtengo wamakhalidwe achilendo umene umavula masamba m'dzinja n'kuvala m'chilimwe. Kuyambira Julayi muwale umayaka; ndipo m'miyezi yotentha, dziko lonse litauma, katope wa m'mbali mwa mitsinje, msikidzi, mlombwa ndi mitengo ya m'nkhalango za miombo zimatsegula nkhokwe zake. Mwa yonseyi, ndikanauzidwa kusankha umodzi wokha pamalo achinyezi a kuno, ndikanasankha katope, chifukwa maluwa ake oyera ngati nthenga amadyetsa njuchi, zipatso zake zimadyetsa ana ndi mbalame, ndipo mizu yake imagwira gombe la mtsinje.

Tifike tsono pa ndalama. Mu Uthenga wa Luka muli fanizo la womanga nsanja amene anayenera kukhala pansi ndi kuwerengera asanaike maziko, kuopa kuti angasekedwe ndi odutsa. Ndipo anthu a dera lino, amene anayamba kuphunzira masamu pamene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, ndi amene ana awo anakakhala alembi mpaka ku Harare ndi ku Johannesburg, sayenera kuphunzitsidwa ubwino wa kaundula. Komabe sindilemba mitengo ya zinthu m'makwacha, chifukwa kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, ndipo nambala imene ndingalembe lero idzakhala nthano nkhaniyi isanathe kuwerengedwa. Nzeru ndi kuwerengera m'zinthu zosagwa mtengo: mizati, ndowa za madzi, masiku a ntchito; kenaka munthu akafunse pamsika sabata imene akugula.

Tiyerekeze kamunda ka mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi ka zitsamba ndi ndiwo, ndi mitengo 8 yomwazika m'malire a pakhomo, mkuyu ndi katope zikhale kutali ndi nyumba ndi chimbudzi chifukwa cha mizu yake. Chinthu choyamba m'kaundula si mbewu ayi, ndi mpanda. Pakuti mbuzi ya mnansi imatha m'kamphindi ntchito ya miyezi isanu, ndipo kukangana ndi mwini mbuzi sikubweza mbande. Kuzungulira kamundako ndi mamita 40, ndiye kuti mizati 20 mukaika mzati pa mamita awiri alionse. Mukagula waya, ameneyo yekha adzadya ndalama zoposa zina zonse pamodzi. Koma mukadula nthambi zazikulu za muwale m'chilimwe ndi kuzizika mvula ili pafupi, zambiri zimaphuka, ndipo mzati umene chiswe chikanadya umasanduka mtengo wa maluwa. Pakati pake mulukepo bango kapena nsungwi. Mtengo uliwonse mwa 8 ija ufunanso kakhola kake.

Chachiwiri ndi madzi, ndipo apa ndi pamene ambiri timadzinamiza poona nyanja ili pafupi. Mbande ya chaka choyamba, pa mchenga wa kuno, ipatseni malita 5 kawiri pa sabata. Mitengo 8 ndi malita 40, ndiko kuti ndowa ziwiri za malita 20 pa ulendo, ndowa zinayi pa sabata. Ndipo kuchokera mu Juni kufikira kumapeto kwa Novembala, masabata 26, zikukwana ndowa 104, osawerengera za ndiwo. Ndowa zimenezi zili ndi mutu wozisenza, ndipo kawirikawiri mutuwo ndi wa mkazi kapena mtsikana amene sanafunsidwe pamene bambo ankalota za munda wake. Wolemba kaundula woona alembe dzina la wosenzayo, ndipo ngati ndi waganyu alembe malipiro ake. Akaona kuti sangakwanitse, abzale mitengo inayi chaka chino, inayi chaka chamawa, popeza walira mvula walira matope. Kuphimbira tsinde ndi udzu wouma kumachepetsa ludzu, malinga udzuwo usakhudze khungwa, kuopa chiswe.

Mbewu, zimene anthu amayesa kuti ndizo zodula, ndizo zotsika mtengo. Njere za luni, chewe ndi khobwe zili m'zikwatu za agogo, ndipo amapereka ndi dzanja lotambasuka kwa wopempha mwaulemu. Futsa ndi mkuyu zimamera ndi nthambi. Katope, msikidzi ndi msuku zimafuna njere zaziwisi, zofesedwa masiku omwewo chipatso chadyedwa, chifukwa zikauma zimafa. Pamene njere ya msangu ndi youma mutu, ndipo imafuna kuipala pang'ono khungu kuti madzi alowe. Machubu a pulasitiki ndi ogula, koma mapaketi a shuga ndi a mkaka oboola kunsi amagwira ntchito yomweyo. Amene safuna kufesa yekha afunse alangizi a zankhalango, kapena makalabu a nazale monga amene bungwe la Ripple Africa, lokhala ku Mwaya kumwera kwa Chintheche, limawathandiza. Ndipo wofuna njere zosankhidwa bwino adziwe kuti ku Zomba kuli malo osungira njere za mitengo a bungwe lofufuza zankhalango la FRIM. Feserani mbande 12 pofuna mitengo 8. Nyengo ya boma yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala kufikira pa 15 Epulo, koma wanzeru amabzala kumayambiriro kwake, nthaka itanyowa bwino, kuti mizu itsike chilimwe chisanafike. Nkhalango ya Mkuwazi ili pafupi, ndipo ndi sukulu yabwino yoonera chimene dziko lino limabala likasiyidwa. Koma ndi yotetezedwa, ndipo kukazulamo mbande popanda chilolezo ndi mlandu.

Za msuku ndinene mwapadera, chifukwa unandiphunzitsa kachiwiri kuti safunsa anadya phula. Ndinafesa njere m'dothi la mchenga ndi manyowa, ndipo mbande zinamera, n'kuima, n'kufiira, n'kufa imodzi imodzi. Pambuyo pake ndi pamene ndinauzidwa kuti msuku umakhala pa ubale ndi nkhungu za m'nthaka, za mtundu umodzi ndi bowa amene timazula pansi pake m'dzinja, ndipo kuti m'chubu muyenera kulowa dothi lotapa pansi pa msuku waukulu. Ndinauzidwanso kuti pali msuku wamphongo ndi waukazi, ndipo simungausiyanitse kufikira utachita maluwa patapita zaka. Chotero wobzala umodzi akhoza kudikira nthawi yonseyo n'kupeza kuti walera mbeta ya mwamuna. Bzalani ingapo, ndipo wamphongo musaudule poti subala.

Pa ndalama zilizonse zimene mwasonkhanitsa, kaya za usipa kaya za ku banki m'khonde, ine ndimalangiza kuti limodzi mwa magawo asanu lisungidwe osakhudzidwa kufikira chaka chachiwiri, chifukwa kheni imabooka, mpanda umagwa ndi mwera, ndipo mbande zakufa zimafuna zolowa m'malo. Ngongole ya chiwongoladzanja musatengere munda wotere. Phindu lake limabwera mochedwa ndipo limabwera mobalalika, m'maungu ochuluka, m'mango ogwira bwino, mu ndiwo za chilimwe, osati m'ndalama za kumapeto kwa mwezi.

Zotsalazo sizifuna tambala, koma ndizo zovuta koposa, chifukwa zimalimbana ndi chizolowezi. Ife timakonda bwalo losesedwa mbee, ndipo mlendo akaona chipika chowola ndi mapesi pakona amati pakhomo pano pali ulesi; koma m'chipikamo ndimo bemberezi adzaboola m'malo mwa phaso lanu, ndipo pa kadothi kouma kosalimidwa ndi pamene tinjuchi tapansi timakumba. Ikani phale la madzi pamthunzi, muikemo timiyala kuti zakumwa zisamire, ndipo muzisintha madziwo masiku awiri alionse kuti musaweteremo udzudzu. Lambulani kuzungulira munda moto wa tchire usanayambe. Mankhwala, ngati mbozi zakukakamizani monga zakhala zikuchitira chifikire ntchemberezandonda zachilendo zija cha mu 2017, gulani okhala ndi dzina ndi malangizo, poperani madzulo njuchi zitalowa, ndipo chomera chili ndi maluwa muchilambalale. Mthuthu, umene ena amauyamikira ngati mankhwala achilengedwe, umapha nsomba, ndipo kuno kunyanja madzi ake asayandikire mtsinje. Mng'oma si wokakamiza. Koma woufuna aupachike kutali ndi njira, sukulu ndi khola, ndipo ukhale wa matabwa, pakuti kusenda khungwa la mombo wamoyo kuti mupange mng'oma ndiko kugwetsa nkhokwe kuti mupeze denga.

Kwanga mizati ya muwale inagwira 14 mwa 20, ndipo isanu inachita maluwa chaka chachitatu. Mayi uja anabwera m'mawa wina wa mu Ogasiti kudzapempha nthambi za futsa, ndipo anapeza choso chikulendewera chadodolido pa duwa lofiira, bemberezi akulira m'chipika cha mango chimene ana anga akhala akufuna kuchiwaza nkhuni. Anayang'ana mpanda, nagwedeza mzati umodzi kuti aone ngati wagwira, kenaka analoza pakona pamene bango linali litaphwasuka.

"Ada, apa mbuzi ilowa mawa," anatero, natola nthambi zake.